Kulemba Dzina Loti Benga m'Zilembo za Kanji: Kamvekedwe Kapena Tanthauzo?

Chijapanizi si chachilendo kwenikweni kuno kwathu. Kuyambira 1971 dziko la Japan lakhala likutumiza achinyamata ongodzipereka kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za m'Malawi, ndipo magalimoto ambiri odutsa pa Benga mumsewu wa M5 anabwera ndi zolemba zawo za ku Japan komweko. Ndiye sizodabwitsa kuti wina amafuna kuona dzina lake, kapena la mudzi wake, litalembedwa m'zilembo zimenezi pa malaya kapena pa boti.

Chijapanizi chili ndi mitundu itatu ya zilembo: hiragana, katakana ndi kanji. Mayina akunja amalembedwa m'katakana, momwe chilembo chimangoimira kamvekedwe basi. Benga ndi ベンガ. Nkhotakota ndi ンコタコタ, koma taonani kuti mpweya wa "kh" uja wasowa, chifukwa Chijapanizi sichisiyanitsa "k" ndi "kh". Lilongwe amamveka ngati "Rirongwe", poti kwa iwo "l" ndi "r" ndi amodzi, monganso ife timanena "Maria" kapena "Maliya" popanda kusokoneza munthu.

Kanji ndi nkhani ina. Chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Kusankha kanji pongotsata kamvekedwe amati ateji. Kale America ankalembedwa 亜米利加, ndipo mpaka lero amatchedwanso 米国. Chilembo 米 chimatanthauza mpunga, ndiye mukawerenga mwachindunji ndi "dziko la mpunga", dzina loyenera Nkhotakota kuposa America!

Vuto lili apa. Pali zilembo zingapo zowerengedwa "ben" ndi zingapo zowerengedwa "ga". Mukasankha 勉 (khama) ndi 雅 (ulemu ndi kukongola), Benga wamveka bwino. Koma 便 amawerengedwanso "ben", ndipo ndi amene ali m'mawu oti benjo, chimbudzi. Nacho 餓 ndi "ga", kutanthauza njala yoopsa. Kamvekedwe n'kamodzimodzi, koma winayo walemba chipongwe pa boti lake osadziwa.

Njira ina ndi kutsata tanthauzo, ndipo mayina athu amalola zimenezi chifukwa ambiri amanena kanthu. Chikondi angalembe 愛, Chisomo angalembe 恵. Onsewa ndi mayina enieni ku Japan. Komatu Mjapanizi akawaona awerenga "Ai" ndi "Megumi". Tanthauzo lapulumuka, dzina limene amayi anu amakuitanirani lapita.

Si zatsopano izi. Mu 1581 munthu wa ku Africa kuno anayamba kutumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga, ndipo amadziwika ndi dzina loti Yasuke, lolembedwa 弥助. Wolemba mabuku Lafcadio Hearn atatenga unzika wa Japan mu 1896 anangosintha dzina lonse n'kukhala Koizumi Yakumo.

Ndiye tichite bwanji? Ngati mukufuna kuti anthu akutchuleni bwino, gwiritsani ntchito katakana. Ngati mukufuna kanji yokongoletsera, sankhani kaye chimene simukufuna kutaya, kamvekedwe kapena tanthauzo, kenako muonetse munthu wodziwa Chijapanizi musanagule penti. Pa foni pokha musadalire: ikupatsani chilembo chomveka bwino, koma sikuuzani kuti anthu akachiona aseka.