Kontabilista akachedwa, multa imapeza mwini NUIT

Wamalonda wa ku Metangula kapena ku Cóbuè amene ali ndi sitolo yaikulu, nyumba yogona alendo kapena galimoto zopititsa usipa kumtunda, kawirikawiri salemba yekha mabuku a msonkho. Amalemba ganyu kontabilista, nthawi zambiri wa ku Lichinga, n'kumamutumizira malisiti mu envulopu pa chapa mwezi ukatha. Tsiku lina kontabilistayo akachedwa kupereka mapepala, kalata ya multa, kapena kuti chindapusa, imabwera ndi dzina la mwini sitolo. Ambiri amayamba ndi mkwiyo, kenako amaumirira kuti salipira chifukwa wolakwa ndi wina. Mkwiyowo ndi womveka, koma kukana kulipirako ndi kumene kumawawonongera ndalama zambiri. Njira yanzeru ndi kuthana kaye ndi boma, kenako n'kutembenukira kwa kontabilista.

Chifukwa chake chili m'mene lamulo linakhalira. Autoridade Tributária de Moçambique, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2006 ndipo anthu amangolitcha ku Finanças, limadziwa munthu ndi nambala yake ya msonkho, yotchedwa NUIT. Mgwirizano wa mwini sitolo ndi kontabilista ndi wa awiriwo, boma silinasaineko. Masiku nawo ndi okhazikika: amene ali mu dongosolo lonse la IVA, msonkho umene unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023, amapereka lipoti mwezi ndi mwezi, ndipo kampani imapereka Modelo 22 ya IRPC, msonkho wa phindu la makampani, mwezi wa Meyi usanathe. Tsiku likadutsa pamabwera zinthu ziwiri zosiyana, multa ya kuchedwa ndi chiwongoladzanja pa msonkho umene sunalowe. Chiwongoladzanjacho sichidikira kuti awiriwo amalize kukangana. Ngongole ikakhalitsa imapita ku execuções fiscais, kumene katundu angathe kugwidwa, ndipo amene ali ndi ngongole sapatsidwa certidão de quitação, pepala lofunika pofuna kugulitsa katundu ku maofesi a boma.

Wina anganene kuti kulipira n'kuvomera mlandu wa mnzako. Sizili choncho. Ngati multayo yawerengedwa molakwika, kapena mapepala analowadi pa nthawi yake, pali njira yolemba dandaulo ku ofesi ya msonkho, yotchedwa reclamação, ndipo pamwamba pake pali makhoti a msonkho. Koma dandaulo longonena kuti kontabilista wanga anaiwala silifafaniza kuchedwa. Malo ake oyenera ndi ena. Código Civil, pa ndime 798, imati amene walephera mwa kulakwa kwake kuchita zimene anagwirizana ayenera kubweza zimene wawonongetsa, ndipo ndime 799 imamupatsa iyeyo udindo wosonyeza kuti vuto silinali lake. Lisiti la multa yolipidwa ndilo limasonyeza kukula kwa zimene zawonongeka. Palinso OCAM, bungwe la akontabilista limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2012, lomwe limatha kulanga mamembala ake. Apa m'pamene ambiri amadzidzimuka, akapeza kuti amene ankawasungira mabuku sali m'kaundula wa bungwelo, anali mphwake wa mnzawo wodziwa kompyuta basi.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri. Khoti lili kutali, loya ndi wodula, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Metangula munthu sakonda kusumira amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi. N'zoona, ndipo milandu yambiri yotere sidzafika kukhoti. Koma kukambirana nakonso kumafuna umboni. Amene ali ndi mgwirizano wolembedwa, ndi uthenga wa pa WhatsApp wosonyeza tsiku limene envulopu inanyamuka, angathe kukhala pansi n'kupempha kuti multayo idulidwe pang'onopang'ono pa malipiro a kontabilista. Wopanda zimenezi amangouzidwa kuti malisiti anafika mochedwa, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Wa ku Cóbuè amene wadikira mwera kuti uleke, kapena msewu wa dzinja kuti uume, n'kutumiza mapepala kutatsala tsiku limodzi, sangasenzetse mnzake katundu yense. Netiweki nayo imathawa m'mphepete mwa nyanja muno, koma imathawa chaka chonse, ndipo katswiri wolipidwa ayenera kuiwerengera.

N'chifukwa chake funso loti "mwapereka?" pa foni silokwanira. Chofunika kuona mwezi uliwonse ndi pepala lenileni, lodindidwa kapena lotuluka mu kompyuta, lokhala ndi NUIT, mwezi ndi ndalama zake. Msodzi akabwereketsa bwato amapitabe kudooko kukaona ngati labwerera. Ndalama ya msonkho nayo ndi bwino kuilipira mwini wake ku banki kapena ku ofesi, m'malo moipereka m'manja mwa wina kuti akalipire.

Ena mwa amene akuvutika ndi multa sankafunikira n'komwe mabuku ovuta chotere. ISPC, msonkho wa amalonda ang'onoang'ono umene unabwera ndi lamulo la 2009, unayamba ndi malire a mametikali 2,500,000 pa chaka ndi 3 peresenti ya zogulitsa, wolipidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo umangofuna kaundula wosavuta wa zogula ndi zogulitsa. Wogulitsa usipa ndi utaka wouma ku Meluluca angachite bwino kukafunsa ku ofesi ya msonkho malire a chaka chino, ndi gulu limene NUIT yake inalembedwamo.