Mkaka wa amayi a ku George ndi Chawama ukugwirabe ntchito

Pakati pa 2001 ndi 2004, amayi oyembekezera omwe anali ndi kachilombo ka HIV analowa m'kafukufuku wotchedwa ZEBS pa kiliniki ya George ndi ya Chawama mu Lusaka. Amayi 958 anagawidwa pawiri: ena anauzidwa kuletsa mwana kuyamwa akangokwana miyezi 4, ena kuyamwitsabe monga mwa nthawi zonse. Zotsatira zitatuluka mu 2008, zinaonetsa kuti kuletsa msanga sikunapulumutse ana, ndipo mwa amene anali kale ndi kachilombo, ochotsedwa kubere ndiwo anamwalira ambiri.

Mkaka umene amayiwa anafinyira m'timabotolo sunatayidwe. Unasungidwa m'mafiriji pamodzi ndi zolembedwa zake, ndipo mu 2012 akatswiri anaupimanso napeza kuti mitundu ina ya shuga ya mumkaka wa m'mawere ikachuluka, mwayi woti mwana atenge kachilombo umachepa. Palibe mayi amene anaitanidwanso kudzakhala pabenchi tsiku lonse kapena kudzabayidwa jekeseni. N'chifukwa chake ine ndimati kukhoma zolembedwa zotere m'kabati ya munthu mmodzi n'kuwononga thukuta la amayiwa.

Komabe mtima wanga sukhala m'malo ndikamva ofufuza akuti, "Musadandaule amayi, dzina lanu tichotsa, tiikapo nambala." M'komboni dzina silofunika kuti munthu adziwike. Lembani kuti mayi wa zaka 34, wobereka mapasa, wogulitsa tomato, wopita kusikelo ku Chawama: amene amatunga naye madzi pampopi wamudziwa kale, ndipo mawa nkhani ya magazi ake yafika kwa apongozi. Ofufuza osamala amabisa tsiku lobadwa, malo ndi ntchito, buku lolumikiza nambala ndi dzina amalitsekera padera, ndipo wopempha zolembedwazo amasaina kuti sadzayesa kufufuza kuti uje ndani.

Malamulo alipo. La kafukufuku wa zaumoyo la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Health Research Authority, ndipo magazi kapena mkaka sizituluka m'dziko popanda chilolezo. La 2021 loteteza zinsinsi za munthu limaika za thanzi m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera. Chimene lamulo silingachite ndicho kuthetsa mphekesera zakale zoti otenga magazi ndi a Satana. Mphekeserazi zimakula pamene anthu atengedwa magazi koma osaona wobwera kudzawauza zimene zapezeka.

Inu amayi ndi abambo, musanadinde chala pafomu funsani: zanga zidzasungidwa kuti, kwa zaka zingati, adzazionanso ndani, nanga ndikasintha maganizo ndikauze yani? Kukana sikukulandani mankhwala kukiliniki. Inunso ofufuza, zimene mwagawana ndi anzanu a ku London kapena New York, bwerani nazo ku George mudzatifotokozere m'Chinyanja.