Moto wa m'nkhalango za kozizira wasintha khalidwe

ALIMI tonse timadziwa kuti moto wolusa uli ndi nyengo yake. Kuno kwathu umayamba udzu ukauma, umakula kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo mvula ikangogwa nkhani yatha. Koma kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene madzi amauma gwa ndi chisanu kwa miyezi yambiri pa chaka, moto wayamba kuchita zachilendo. Ukuyamba msanga, ukutentha malo aakulu kuposa kale, ndipo wina sukuzima ngakhale chisanu chifike. Amene akuulula zimenezi ndi makina ozungulira dziko m'mlengalenga otchedwa setilaiti.

Nkhalango yake ndi yotani?

Nkhalango tikunenayi idayala ngati lamba kuyambira ku Alaska ndi Canada, kudzera ku Norway, Sweden ndi Finland, mpaka ku Siberia m'dziko la Russia. Anthu a ku Russia amaitcha taiga. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhalango zonse za pa dziko lapansi lili kumeneku. Mitengo yake yambiri ndi ya mtundu wa paini, yonga ija ya ku Chikangawa, kungoti iyi idamera yokha.

Moto si mlendo m'nkhalangoyi, ndipo malo ambiri amene amapsa amayatsidwa ndi mphenzi. Mitengo ina, monga black spruce ndi jack pine, imasunga njere zake m'zibalobalo zomatika ndi utomoni, zimene zimatseguka zikamva kutentha. Moto ukadutsa, njere zimagwera paphulusa ndipo nkhalango yatsopano imamera. Koma pamafunika zaka makumi angapo kuti mtengo ukule ndi kusunga njere zokwanira.

Chinthu china chofunika chili pansi. Chifukwa cha kuzizira, masamba ndi ndere siziwola msanga. Zimaunjikana kwa zaka mazana ngakhale zikwi, n'kupanga dothi lakuda longa manyowa osawolerana. Dothi limeneli likauma limayaka.

Setilaiti imauona bwanji moto?

Dera lalikulu la nkhalangoyi lilibe misewu kapena midzi. Kale ankadalira alonda okwera pa nsanja ndiponso ndege, choncho moto wambiri wakutali unkapsa popanda wouwerengera. Lero pali njira ziwiri zouonera kuchokera kumwamba.

Njira yoyamba ndiyo kumva kutentha. Bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA lidatumiza setilaiti ya Terra m'chaka cha 1999 ndi ya Aqua mu 2002. Zonse ziwiri zidanyamula chipangizo chotchedwa MODIS ndipo zidaikidwa pa mtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi. Chipangizochi chimagawa dziko m'timabwalo ta kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kabwalo kamene katentha kwambiri kuposa tinzake toyandikana nako kamaikidwa kadontho kofiira pa mapu. Mu 2011 kudabwera chipangizo china, VIIRS, chimene timabwalo take ndi ta mamita 375, motero chimatha kuona ngakhale moto wocheperako, usana ndi usiku womwe. Pakatha maola atatu okha timadonthoti timakhala tili pa intaneti, pa tsamba lotchedwa FIRMS, ndipo aliyense angathe kutiona mwaulere.

Njira yachiwiri ndiyo kuyeza lupsa moto utazima. Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira mu 1972. Landsat ya masiku ano imabwerera pa malo amodzi pakatha masiku 16, ndipo imasiyanitsa kachigawo ka mamita 30. Akatswiri amafanizira chithunzi chojambulidwa moto usanadutse ndi china cha pambuyo pake, n'kuwerengera mahekitala amene apsa ndi m'mene apsera. Kuyambira mu 2008 zithunzi zonsezi ndi zaulere.

Makinawa ali ndi malire ake. Mitambo ndi utsi wochuluka zimawatseka maso, ndipo moto wonyeka pansi pa nthaka sauona bwino. N'chifukwa chake akatswiri amapitabe pa lupsa ndi zokumbira kukayeza kuti moto udalowa pansi bwanji.

Zimene kaundula waonetsa

Mlimi wolemba zokolola zake chaka ndi chaka ndiye amadziwa ngati munda ukuguga. Ntchito yaikulu ya setilaiti ndi yomweyo: kusunga kaundula wa zaka zambiri, woyezedwa ndi muyeso umodzi. Kaundulayu waonetsa zinthu zinayi.

Choyamba ndi kukula kwa moto. M'chaka cha 2023 ku Canada kudapsa mahekitala pafupifupi 15 miliyoni. Malawi yense, kuphatikizapo nyanja, ndi mahekitala 11.8 miliyoni. Malo opsawo adaposa kasanu amene amapsa m'chaka wamba. Mu Juni utsi wake udafiiritsa thambo la mzinda wa New York ku America, ndipo mu Ogasiti anthu pafupifupi 20,000 a mumzinda wa Yellowknife adauzidwa kuti asamuke. Dziko la South Africa lidatumiza ozimitsa moto oposa 200 kukathandiza.

Chachiwiri ndi mpweya umene motowu umatulutsa. Setilaiti ya maiko a ku Ulaya yotchedwa Sentinel-5P imayeza mpweya wa mu utsi. Pogwiritsa ntchito miyeso yake, akatswiri a NASA adapeza kuti moto wa ku Canada wa 2023 udatulutsa matani pafupifupi 640 miliyoni a kaboni. Chaka chimenecho maiko atatu okha, China, America ndi India, ndiwo amatulutsa woposa pamenepa potentha mafuta, malasha ndi gasi.

Chachitatu ndi moto wogonera m'nthaka. Aliyense amene adaonapo ng'anjo ya makala amadziwa kuti moto wofotseredwa suzima msanga, umangonyeka pang'onopang'ono. Ndi zomwe zikuchitika m'dothi lakuda lija. Moto umalowa pansi, chipale chimaukwirira nyengo yonse yachisanu, ndipo kukayamba kufunda umatulukiranso. Akatswiri a pa yunivesite ya Vrije ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Rebecca Scholten, adaugwira motere: pa zithunzi za ku Alaska ndi kumpoto kwa Canada za kuyambira 2002 mpaka 2018, adafufuza moto woyamba msanga, m'mphepete mwa lupsa la chaka chathacho, pamene sipadagwe mphenzi komanso patali ndi anthu. Lipoti lawo la mu 2021 lidasonyeza kuti moto wotere umachuluka pambuyo pa chilimwe chotentha kwambiri. Kumayambiriro kwa 2024, m'zigawo za British Columbia ndi Alberta ku Canada mudali malo oposa 100 amene ankafukabe utsi pakati pa chisanu.

Chachinayi ndi kubwerera msanga kwa moto. Zithunzi za Landsat zikusonyeza malo amene apsa kawiri m'zaka zochepa. Moto wachiwiri umapeza timitengo tisanabereke njere, ndipo umamaliza dothi lakuda limene lidatsala. Malo otere mitengo ya paini imalephera kubwerera. M'malo mwake mumamera mitengo ya masamba aakulu monga aspen ndi birch, kapena tchire chabe.

Gwero la zonsezi ndi kutentha. Kafukufuku wa mu 2022 adasonyeza kuti kuyambira mu 1979 dera la Arctic, kunsonga ya kumpoto, likufunda mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Pa 20 Juni 2020 tauni ya Verkhoyansk ku Siberia, yodziwika ndi chisanu choopsa, idatentha kufika madigiri 38, ngati ku Nsanje mu Okutobala. Chipale chikasungunuka msanga, nthaka imauma msanga ndipo nyengo ya moto imatalika. Chaka chotsatira utsi wa moto wa m'chigawo cha Yakutia ku Siberia komweko udafika mpaka ku North Pole.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Masetilaiti omwewa amadutsanso pamwamba pathu, ndipo m'chilimwe mapu a Malawi, Zambia ndi Mozambique amafiira ndi timadontho. Ndipotu malo ambiri amene amapsa pa dziko lapansi chaka chilichonse ali mu Africa muno. Kusiyana kwake n'kwakuti wathu ndi moto wa udzu, ndipo udzu umaphukanso ndi mvula n'kuyamwa mpweya uja. Dothi lakuda la kumpoto likapsa, pamatenga zaka mazana kuti libwerere. Mpweya wake umakhala m'mlengalenga, ulibe malire a dziko, ndipo umaonjezera kutentha kumene akatswiri akuti kukusokoneza kagwedwe ka mvula.

Phunziro lina ndi la pamunda penipeni. Ku Canada aona kuti choopsa si malawi okha ayi, koma moto wobwera pafupipafupi, umene umadya mbeu ndi chonde. N'chimodzimodzi kuno. Tchire lotenthedwa chaka ndi chaka posaka mbewa silipatsa mpata mphukira za tsanya ndi mombo kuti zikule. Mapesi otenthedwa m'munda ndi manyowa otayika, ndipo nthaka yosiyidwa pambalambanda imakokoloka ndi mvula yoyamba.

Tsono alimi anzathu, kwirirani mapesi m'malo mowatentha. Lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya m'mudzi ndi mitengo yanu udzu usanaumitsitse. Ngati pali pofunika kutentha, funsani alangizi a za nkhalango za kutentha koyambirira, pamene udzu ukadali ndi chinyezi ndipo moto sukhala waukali. Akuluakulu adati moto umapita kumene kwatsala tchire. Ngati wafika poyaka pansi pa chipale ku Canada, tisaganize kuti nkhalango ya m'mudzi mwathu idzadziteteza yokha.