Mlendo wa ku London ndi Njinga ya ku Wimbe

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za munthu wina wocita masewero a pa kanema, dzina lace Chiwetel Ejiofor. Iyeyu anabadwira ku London m'caka ca 1977, koma makolo ace ndiwo a ku Nigeria. Mbiri yace inabuka mu 2013, pamene anasewera ngati Solomon Northup, mfulu yogwidwa ukapolo ku America, m'kanema wocedwa 12 Years a Slave. Mu 2016 anaonekanso mu Doctor Strange, kanema wa zamatsenga wodya ndalama zambirimbiri. Munthu wofika pamenepa sasowa nchito ai. Eni cuma amlondola okha.

Koma iye mtima wace unagwa pa nkhani yaing'ono ya kwathu kuno. Anawerenga buku lotuluka mu 2009 losimba za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu posowa ndalama pa njala ija ya 2001 ndi 2002. Mnyamatayo anapitabe kunyumba ya mabuku, namanga makina ozungulira ndi mphepo, a mitengo ya bulugamu, zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya atate ace. Ejiofor analemba yekha sewerolo, natsogolera yekha pojambula, ndiko kuyamba kwace kutsogolera kanema wamtali; dzina lace The Boy Who Harnessed the Wind. Malo a William anapatsa Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya, iye mwini natenga malo a atate, mlimi wouma khosi.

Tsono pamene panatigwira mtima mpa njingayo. Inu eni mabanja mudziwa cimene njinga iri pakhomo: ndiyo isenza thumba kunka kucigayo, ndiyo ithamangira kucipatala usiku ndi mai wodwala. Ndipo mwana, amene sanakololepo munda wace, afika nati aidule! Atate akana mwaukali, namtuma kukalima. Kanema sawayesa oipa iai. Ationetsa munthu wa manyazi, wolephera kudyetsa a m'nyumba yace, amene catsala m'manja mwace ndico njinga ndi ulemu wa ukulu. Ndipo pobvomera pace ataya zonse ziwiri, osadziwa ngati madzi adzatuluka. Ejiofor anataya atate ace pa ngozi ya galimoto ku Nigeria ali wa zaka 11, iyenso ali m'galimotomo. Ife tiganiza kuti munthu wotere sapenya atate a mnzace mopepuka.

Zocepa ziriponso. Anajambulira ku Malawi konkuno, ku Kasungu, naphunzira Cicewa. Koma lilime la mlendo silibisika, ndipo ambiri anadandaula nalo, ngakhale ife tomwe tinaseka pena. Lily Banda, wosewera ngati mlongo wa William, ndiye amveka ngati mwana wa pamudzi. Cinanso, m'kanema makinawo atunga madzi nthawi yomweyo napulumutsa mbeu, pamene oyamba enieni anangoyatsa nyali za m'nyumba, ndipo za madzi zinadza zitapita zaka. Kanemayo anayamba kuoneka pa Netflix pa 1 March 2019.