Chithunzi ndi Umboni: Zimene Ana Athu Akuphunzira pa Kujambula



Chiyambireni pamene ophunzira ena a Fomu 3 ndi Fomu 4 anayamba kutsalira Lachitatu masana kuti aphunzire kujambula zithunzi, talandira mafunso angapo. Makolo ena akufunsa ngati imeneyi si njira chabe yoti ana azigwira foni pasukulu. A komiti ya mzikiti nawo anatifunsa kuti: kodi chithunzi chikakonzedwa pakompyuta chimakhalabe choona? Mafunso onsewa ndi oyenera. Choyamba tikutsimikizireni kuti mafoni ndi kamera zimene timagwiritsa ntchito zimakhala m'manja mwa aphunzitsi, ndipo phunziro likatha zimabwerera ku ofesi. Tsopano tifotokoze zimene anawa akuphunzira komanso malire amene tawaikira.

Mmene kamera imaonera

Phunziro loyamba timaliyamba ndi katoni. Timaboola kabowo ndi singano mbali imodzi, mbali inayo n'kumatapo pepala lopyapyala. Mwana akafunda nsalu kumutu n'kulozetsa kabowoko kuphiri la Soche, amaona phirilo papepala lija, koma lili chadodolido. Kuwala kumayenda mowongoka, choncho kochokera pamwamba pa phiri kumakagwera pansi pa pepala, ndipo kochokera m'munsi kumakagwera pamwamba.

Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi Msilamu wina wophunzira kwambiri, Ibn al-Haytham, yemwe anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kumwalira ku Cairo cha m'ma 1040. M'buku lake la Kitab al-Manazir anasonyeza kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso kuchokera ku chinthu, osati kuti diso limatulutsa kuwala monga ambiri ankaganizira kale. Anayesa zimenezi ndi nyali komanso chipinda chamdima chokhala ndi kabowo. Ngakhale dzina lakuti kamera linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chipinda.

Kamera ya mufoni ndi chipinda chomwecho, kungoti chachepa. Pamalo pa kabowo pali galasi lotchedwa lenzi, ndipo pamalo pa pepala pali sensa, kachipangizo kokhala ndi timadontho tambirimbiri toyeza kuwala n'kukusandutsa manambala. Kadontho kamodzi ndi pixel, ndipo miliyoni imodzi ya timadonthoti ndi megapixel. Kamera yoyamba yotere anaipanga Steven Sasson wa kampani ya Kodak m'chaka cha 1975. Inali ndi timadontho 10,000 tokha, inkajambula zakuda ndi zoyera basi, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chisungidwe pakaseti. Lero foni wamba yogula ku Limbe ili ndi timadontho mamiliyoni 12 kapena kuposa. Ndiye chithunzi chikaipa, kawirikawiri vuto silikhala foni, limakhala kuwala ndi wojambulayo.

Zinthu zitatu zolamulira kuwala

Tayerekezani kalasi yokhala ndi zenera limodzi ndi katani. Kuwala kolowa m'kalasimo kumadalira kukula kwa zeneralo ndi nthawi imene katani yakhala yotsegula.

Kukula kwa zenera ndiye aperture. Imalembedwa ngati f/1.8 kapena f/11, ndipo chosokoneza n'chakuti nambala yaing'ono ikutanthauza khomo lalikulu. Khomo lalikulu limalowetsa kuwala kwambiri, munthu amaoneka bwino koma zakumbuyo kwake zimazimirira. Khomo laling'ono limaonetsa bwino zapafupi ndi zakutali zomwe. Mafoni ambiri salola kusintha zimenezi, koma kamera zikuluzikulu zimalola.

Nthawi ya katani ndiye shutter. Kuti mugwire mnyamata akumenya mpira, pafunika nthawi yochepa kwambiri, monga 1/500 ya sekondi. Mukafika pa 1/30, ngakhale kunjenjemera kwa dzanja kumaonekera pachithunzi. N'chifukwa chake timawauza ana kuti agwire foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire m'nthiti, kapena aitsamiritse padesiki.

Chachitatu ndi ISO. Iyi ili ngati chimkuzamawu cha pamzikiti. Mukachikweza, adhana imamveka patali, koma mukapyola muyeso pamabweranso kuwawaza. Masana ISO 100 imakwana. Mumdima kamera imaikweza mpaka 1600 kapena 3200, ndipo chithunzi chimatuluka chamchengamchenga.

Kuwala kwa kwathu kuno

Dzuwa la pambuyo pa Dhuhr limakhala paliwombo, limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno. Kuwala kokoma kumapezeka m'mamawa dzuwa likangotuluka, komanso pakati pa Asr ndi Maghrib, pamene kumabwera cham'mbali. Masiku a chiperoni, mu June ndi July, ambiri amaganiza kuti kunja sikunache bwino, chonsecho mitambo imafewetsa kuwala ndipo nkhope zimatuluka bwino zedi. Mu October fumbi ndi utsi zimaphimba Ndirande ndi Michiru, choncho wofuna mapiri adikire mvula itsuke mlengalenga. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali vuto lina limene banja lililonse lakumanapo nalo tsiku la Eid. Bambo avala mkanjo woyera ndi mzuli woyera, aima padzuwa, chithunzi chikatuluka mkanjo ukuwala koma nkhope yada bii. Chimachitika n'chakuti kamera imaona zoyera zambiri n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse. Mankhwala ake ndi apafupi. Aimikeni pamthunzi wa khonde atayang'ana kumene kukuchokera kuwala, dinani pankhope pawo pagalasi la foni, kenaka kwezani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatulukira pambali. M'nyumba musamuike munthu chofulatira zenera. Zenera likhale kumbuyo kwa inu wojambula, kapena cham'mbali.

Timawaphunzitsanso kakonzedwe ka zinthu m'chithunzi. Mufoni muli mizere inayi yogawa galasi m'zigawo zisanu ndi zinayi. Munthu kapena mtengo ukakhala pamene mizere yakumana, chithunzi chimakoma kuposa kuuika pakatikati nthawi zonse. Asanadine, mwana ayang'ane m'makona onse anayi, kuopa kuti mzati wa magetsi ungamere pamutu pa mnzake. Ndipo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, asendere pafupi ndi miyendo, chifukwa pamafoni ambiri kukoka kumangodula chithunzi n'kuchifufumitsa. Pomaliza, apukute lenzi ndi kansalu kofewa. Zithunzi zambiri zooneka ngati zajambulidwa m'nkhungu zimayamba ndi chala cha mafuta a mandasi.

Kukonza chithunzi

Diso la munthu limaona bwino kuposa makamera ambiri. Limatha kuona zapadzuwa ndi zapamthunzi nthawi imodzi, pamene kamera imalephera. Kukonza chithunzi ndiko kuchibwezera pafupi ndi zimene diso linaona. Pafoni timagwiritsa ntchito Snapseed kapena Lightroom. Pakompyuta pali GIMP, yomwe ndi yaulere, ndi Photoshop, yomwe inatuluka mu 1990 ndipo ndi yolipira.

Ana amatsata ndondomeko imodzi. Amayamba asunga chithunzi choyambirira pachokha n'kumagwira ntchito pa kope, chifukwa chithunzi cha mtundu wa JPEG chimaonongeka pang'ono nthawi iliyonse chikakonzedwa n'kusungidwanso. Kenaka amachiwongola ngati chinapendekeka, poyang'ana khoma kapena mzere wa denga. Akatero amadula zam'mbali zosafunika. Kenaka amakonza kuwala: amatsitsa pamene pawala kwambiri kuti mapindo a mkanjo aoneke, n'kukweza mithunzi kuti nkhope ioneke. Pambuyo pake amakonza mtundu. Babu la m'nyumba limachititsa zoyera kuoneka zachikasu, ndipo mthunzi umazipatsa kabuluu, choncho amasintha mpaka choyera chikhale choyera. Chilichonse amachita pang'ono. Udzu wa pabwalo lathu mu September si wobiriwira, ndipo chithunzi chisaunamizire.

Potumiza, dziwani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo. Ngati mukufuna kukatsukitsa ku situdiyo, chitumizeni ngati document. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna timadontho pafupifupi 1,200 kwa 1,800 kuti chituluke bwino.

Malire ake

Tsopano tifike pa funso la a komiti. Lamulo lathu ndi ili: kuwalitsa, kuwongola ndi kudula m'mbali n'kololedwa, bola tanthauzo lisasinthe. Kuonjezera chimene panalibe, kufufuta munthu amene analipo, kapena kusintha thupi la munthu, n'koletsedwa. Chithunzi chimanena kuti izi zinachitika, ine ndinalipo. Umenewo ndi umboni, ndipo tonse tikudziwa kulemera kwa umboni wabodza m'Chisilamu.

Atolankhani nawo amaliona choncho. Mu March 2003, wojambula wa nyuzipepala ya Los Angeles Times, Brian Walski, anajambula msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba pafupi ndi Basra, mzinda womwe uja wa Ibn al-Haytham. Anaphatikiza zithunzi ziwiri zotsatizana kuti apange chimodzi chogwira mtima. Zinadziwika chifukwa anthu ena kumbuyo ankaoneka kawiri, ndipo ntchito inamuthera pomwepo. Lero zimene iye anachita mwana angathe kuzichita ndi chala chimodzi, chifukwa mafoni atsopano amafufuta munthu m'kanthawi kochepa. Ngati chithunzi chapangidwa kuti chikhale chokongoletsa chikalata cholengeza mwambo, tinene poyera kuti n'chopanga.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi zosefera zoyeretsa khungu, zochepetsa mphuno ndi zokulitsa maso. Mafoni ena amabwera zili zotsegula kale, ndipo timayamba ndi kuzitseka. Mtsikana amene wazolowera kudziona woyera pafoni amayamba kudana ndi galasi la kunyumba, ndipo mafuta otuwitsa khungu sakhala patali. Khungu limene Allah anamupatsa mwana wanu silifunika kukonzedwa. Chofunika ndi wojambula wodziwa kuliunikira.

Ulemu wa wojambulidwa

Tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Zithunzi zoona za masiku amenewo zinathandiza kuti dziko lidziwe ndiponso kuti thandizo libwere. Koma tinaonanso zithunzi za matupi a abale athu zikuyenda m'magulu a WhatsApp achibale awo asanamve n'komwe. Ife amene timafulumira kuphimba maliro ndi nsalu sitingawavundukule ndi foni.

Choncho ana athu amapempha asanajambule munthu, ndipo amapemphanso asanatumize chithunzicho kwa wina, pakuti zilolezo zimenezi ndi ziwiri zosiyana. Safunsa anadya phula. Sajambula mtsikana kapena mayi amene sanavale hijab yake, sajambula wodwala kapena wolandira zakaat kuti aonetse umphawi wake, ndipo sajambula mumzikiti popanda chilolezo cha komiti. Surah Al-Hujurat imatiletsa kufufuza zinsinsi za anzathu, ndipo imatilamula kutsimikiza nkhani tisanaikhulupirire. Malamulo a dziko nawo salekerera: lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaika chilango kwa wozunza mnzake kudzera pa intaneti. Timawasonyezanso mmene angatsekere zolemba malo, chifukwa foni imatha kubisa m'chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira, ngakhale pakhomo panu.

Tikudziwa kuti maulama amasiyana maganizo pa kujambula zamoyo. Ena amati chithunzi cha kamera n'chosiyana ndi chosema kapena cholemba pamanja, ndipo amachilola ngati zimene zili m'menemo n'zoyenera. Ena amachilola pokhapokha pali chosowa, monga chiphaso cha unzika, cha mayeso a MANEB kapena pasipoti ya ku Hajj. Ife tikulemekeza onse. Kholo limene likutsata ganizo lachiwirili litiuze, ndipo mwana wake adzaphunzira zonse zimene tafotokozazi pojambula mapiri, mitengo, nyumba ndi katundu wa malonda, zimene palibe amaziletsa. Luso lomwelo lingathandize mayi wogulitsa zovala kuonetsa katundu wake bwino kwa ogula, ndipo amene angafune kupitiriza, sukulu zophunzitsa utolankhani monga MUBAS ku Chichiri ndi Malawi Institute of Journalism zili mumzinda mwathu momwe muno.

Pempho lathu kwa makolo ndi lakuti mwana akabwera ndi chithunzi, mumufunse mafunso atatu: unapempha kodi, wasinthapo chiyani, ndipo ukuchitumiza kwa yani? A komiti tikukuitanani kuti mudzaone ntchito ya anawa Lachitatu lililonse limene mungapeze mpata. Chithunzi chilichonse chokonzedwa chidzakhala pambali pa choyambirira chake, kuti mudzaweruze nokha.

Allah atipatse maso oona choonadi ndi manja osachikhotetsa. Ameen.