Masiku Awiri Amene Mlimi wa M'dimba Ayenera Kuwadziwa

Mvula ikakata, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, anthu ambiri a m'maboma a Dedza ndi Ntcheu amatsikira kudambo kukayamba ntchito ya m'dimba. Matimati, mbatatesi, kabichi ndi chimanga chachiwisi zimene zimadzaza misika ya Lizulu ndi Bembeke m'chilimwe zimachokera m'madimba amenewa, ndipo mabanja ambiri amapezera momwemo ndalama za sukulu ndi za feteleza wa dzinja lotsatira. Komatu madera amenewa ndi okwera kwambiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera panyanja yamchere, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa chisanu chotha kupsereza dimba lonse usiku umodzi wokha.

Ambiri amangoti chisanu ndi tsoka, ndipo tsoka silinunkha. Koma chisanu chili ndi nyengo yake. Chaka chilichonse pamakhala tsiku limene chimayamba kugwa ndi tsiku limene chimagwa komaliza. Alimi a ku Ulaya ndi ku America adazolowera kale kuwerengera ntchito yawo pa masiku awiri amenewa. Ku England, mwachitsanzo, ambiri sawokera matimati panja mwezi wa Meyi usanathe. Ku Malawi nyengo ndi yotembenuka, pakuti chisanu chimadza pakati pa chaka, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Kuti mlimi awerenge bwino, ayambe wadziwa m'mene chisanu chimagwera. Masana nthaka imalandira kutentha kwa dzuwa, usiku n'kukutaya. Kukakhala mitambo, kutenthako kumabwerera pansi monga m'mene bulangete limasungira thupi. N'chifukwa chake usiku wa chiperoni mbewu sizipsa ngakhale anthu akunjenjemera. Usiku woopsa ndi uja wa nyenyezi zowala ngwee, wopanda mtambo, mphepo ili zii. Cha pa 21 Juni usiku umatalika kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, choncho nthaka imataya kutentha maola ambiri. M'bandakucha kuzizira kukafika pa madigiri 0, madzi a m'kati mwa tsamba amaundana ndi kuliwononga. Dzuwa likatuluka, tsambalo limafota n'kuda ngati lawauka ndi moto.

Chinanso n'chakuti mpweya wozizira ndi wolemera. Umatsetsereka kuchoka m'mapiri monga amachitira madzi, n'kukadikha pamalo otsika. Motero dambo lomwe limapatsa mlimi chinyontho ndi lomwenso limamusonkhanitsira chisanu. Zimachitika kuti matimati a pakati pa dambo apsa, pamene a mnansi amene ali chakumtunda pang'ono ali bwinobwino. A zanyengo amayesa kuzizira pamalo ngati Dedza, Chitedze ndi Bvumbwe, koma chipangizo chawo chimakhala m'bokosi lokwezeka koposa mita imodzi kuchokera pansi. Chikhoza kusonyeza madigiri 3 kapena 4 pamene udzu wa m'dambo wayera kale ndi chisanu. Apa n'zoonekeratu kuti zolengeza za pawailesi ndi chenjezo chabe. Dimba lililonse lili ndi masiku akeake.

Masiku amenewa amapezeka ndi kope ndi pensulo. M'mawa uliwonse umene udzu wayera, mlimi kapena mwana wake wa sukulu alembe tsikulo ndi mbali ya dimba imene yapsa. Pakatha zaka zisanu, kopelo limayamba kulankhula. Amene akuyamba kumene afunse akuluakulu amene alima dambolo kwa nthawi yaitali, poti safunsa adadya phula. Powerenga, mlimi atenge tsiku limene chisanu chidafulumira koposa zaka zonse ndi limene chidachedwa koposa, kenaka awonjezere masabata awiri mbali zonse ziwiri. Akulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mwachitsanzo, kope likhoza kusonyeza kuti m'dimba lina chisanu chidayambapo pa 5 Juni ndipo chidagwapo komaliza pa 10 Ogasiti. Mbewu zosapirira chisanu, monga nyemba, matimati, maungu, tsabola, chimanga ndi mbatatesi, ziyenera kukhwima tsiku loyambalo lisanafike, apo ayi zidikire lomalizalo lidutse. Nyemba zambiri zimatenga masiku ngati 90. Kubwerera m'mbuyo masiku 90 kuchokera pa 5 Juni kumafikitsa pa 7 Malichi, ndipo kuchotsapo masabata awiri aja kumafikitsa pa 21 Febuluwale. Nthawi imeneyo pakati pa dambo pamakhala madzi, choncho nyembazo malo ake ndi m'mphepete chakumtunda. Mbatatesi imatenga miyezi itatu kapena inayi. Wobzala mu Epulo m'dimba lotere akumana ndi chisanu mbatatesi ikadali ting'onoting'ono, ndipo masamba akapsa siikulanso.

Mbali inayo, mlimi amawerenga chopita m'tsogolo. Masabata awiri kuchokera pa 10 Ogasiti ndi pa 24 Ogasiti, tsiku lowokera matimati ndi kubzala chimanga. Mbande za matimati zimakhala panazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye njere zifesedwe cha pa 20 Julayi. Popeza chisanu chimakhala chikadalipo, nazaleyo ikhale pamalo okwera ndipo izivundikiridwa madzulo aliwonse. Kuopa chisanu mopitirira muyeso nakonso kumaluza. Chimanga chobzala pa 24 Ogasiti chimafika pootcha chakumapeto kwa Novembala, nthawi imene mvula imayamba. Wochedwa mwezi wathunthu adzapeza dambo litadzaza madzi, matimati ake akugwidwa ndi chiwawu.

Masabata asanu ndi anayi a pakati pa masiku awiriwa si ogona ayi. Kabichi, repu, mpiru, anyezi ndi karoti zimapirira chisanu chochepa ndipo zimakonda nyengo yozizira. Izi ndizo zoyenera kukhala pakati pa dambo mu Juni ndi Julayi. Nsawawa nazo masamba ake amapirira, koma maluwa ake amapsa, choncho zibzalidwe moti zidzachite maluwa chisanu chitatha.

Chisanu chikafulumira kapena kuchedwa kuposa m'mene kope likunenera, njira zopulumutsira mbewu zilipo. Kumwamba kukayera mbee, mphepo n'kuleka chakumadzulo, mlimi athirire dzuwa likadalipo, pakuti nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma. Asapalire tsiku limenelo, chifukwa dothi lotipula limazizira msanga. Mbewu zanthete azivundikire ndi udzu kapena matumba oyanika pa timitengo, n'kuvundukula dzuwa likakwera. Udzu wophimbira nthaka, umene umathandiza kwambiri m'nyengo yotentha, pa masabata a chisanu umatsekereza kutentha kochokera pansi, choncho ndi bwino kuuchotsa patsinde pa mbewu zosapirira. Mpanda wa dimba nawo ukhale ndi mpata kumbali yotsika, kuti mpweya wozizira uzituluka m'malo modikha pambewu.

Chilimwe sichifanana ndi chinzake, ndipo masiku a chisanu amasuntha chaka ndi chaka. Kopelo lisatsekedwe pakatha zaka zisanu. Lizilembedwabe, ndipo mlangizi wa zaulimi akabwera alione. Mwana wodzalandira dimbalo adzalandire pamodzi ndi kope, kuti asadzataye mbewu ndi feteleza pophunzira zimene makolo ake adaziona kale.