Mapulogalamu a MES

MES ndi gulu la mapulogalamu a pakompyuta amene amalemba ndi kulondola zochitika mkati mwa fakitale, kuyambira pamene zipangizo zatuluka mosungira katundu mpaka pamene katundu womalizidwa wapakidwa. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Manufacturing Execution System. Pulogalamu yotere imauza kapitawo ndi oyang'anira fakitale nthawi yomweyo kuti ndi makina ati akuyenda, ndi ati aima ndipo aimiranji, katundu wapangidwa wochuluka bwanji, wowonongeka ndi wochuluka bwanji, komanso wachokera ku zipangizo ziti. Ntchito yake yaikulu ndi kulumikiza mapulani opangidwa mu ofesi ndi zimene zikuchitikadi pamakina. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri mafakitale okonza fodya, shuga, mafuta ophikira, zakumwa ndi mtedza.

Mbiri

Makompyuta asanafike, zonsezi zinkalembedwa pamakhadi ndi m'mabuku, ndipo bwana ankadziwa za ntchito ya dzulo m'mawa wa lero. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera njira ya MRP yowerengera zipangizo zofunika pa oda iliyonse, imene Joseph Orlicky anaifotokoza m'buku lake la 1975. Njirayi inakula n'kukhala ERP, mapulogalamu oyendetsera ndalama, malonda ndi kugula katundu pakampani yonse.

Kumakina nakonso zinthu zinasintha. Cha m'ma 1968 ndi 1969 kunapangidwa PLC, kakompyuta kolimba kolamulira makina, kampani ya General Motors ya ku America itapempha chipangizo chotere. Vuto linali lakuti makompyuta a mu ofesi ndi a kumakina sankalankhulana. Mawu akuti MES anayamba kumveka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 potchula mapulogalamu odzaza mpata umenewu. Bungwe la MESA linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo mu 1997 linasanja ntchito 11 zimene MES imagwira. Mu 2000 kunatuluka gawo loyamba la muyezo wa ISA-95, umene padziko lonse umadziwikanso kuti IEC 62264.

Malo a MES mufakitale

Muyezo wa ISA-95 umagawa fakitale m'magawo asanu, kuyambira 0 mpaka 4. Gawo 0 ndi ntchito yeniyeniyo, monga kufinya soya kapena kudzaza mabotolo. Gawo 1 ndi tizipangizo toyeza kutentha, kulemera ndi liwiro, pamodzi ndi mamota ndi mavavu. Gawo 2 ndi la makompyuta olamulira ndi kuyang'anira makina, monga PLC ndi SCADA. MES ili pa gawo 3, ndipo ERP ili pa gawo 4.

Magawowa amasiyana pa nthawi imene amaganizira. PLC imaganiza za sekondi, ERP imaganiza za sabata ndi mwezi, pamene MES imaganiza za ola ndi shifiti. ERP ikanena kuti sabata ino pakufunika mabotolo 40,000 a mafuta ophikira, MES ndi imene imagawa ntchitoyo kumizere ya makina, n'kubweza lipoti la zimene zatheka.

Ntchito zake

Ntchito zodziwika kwambiri za MES ndi izi:

Kusanja ntchito: kusankha oda yoyamba ndi yotsatira kuti makina asamaimeime posintha mtundu wa katundu.

Kusonkhanitsa ziwerengero: zina zimachokera kumakina okha, zina wantchito amalowetsa pa tabuleti kapena pojambula barcode, timizere takuda tija timene timakhala pakatundu.

Kulondola katundu: mtanda uliwonse wa katundu umapatsidwa nambala yosonyeza zipangizo zake, makina amene unadutsamo, tsiku ndi shifiti.

Kuona ubwino wa katundu: zotsatira za kuyeza zimalembedwa, ndipo katundu wolephera muyezo amatsekeredwa kuti asatuluke.

Kusamala makina: pulogalamu imawerenga maola amene makina ayenda n'kukumbutsa amakanika nthawi yothira girizi kapena kusintha lamba.

Makampani monga Siemens, Rockwell Automation, SAP ndi AVEVA amagulitsa mapulogalamuwa. Palinso ena monga Odoo ndi ERPNext amene ali ndi mbali yoona zopangapanga ndipo amapezeka mwaulere, ngakhale kuti kuwakhazikitsa kumafunabe katswiri.

Kuyeza ntchito ya makina

Chiwerengero chimene MES imatchuka nacho ndi OEE, chimene anachifalitsa ndi Seiichi Nakajima wa ku Japan. Chimapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: nthawi imene makina anayenda, liwiro lake, ndi kuchuluka kwa katundu wabwino.

Mwachitsanzo, tiyerekeze mzere wodzaza mafuta ophikira m'mabotolo. Shifiti ndi ya mphindi 480, ndipo 30 ndi zopuma, choncho zogwirira ntchito ndi 450. Magetsi athima kwa mphindi 50 jenereta isanalire, ndipo lamba waduka n'kudya zina 40. Makina ayenda mphindi 360, imene ndi 80 peresenti. Makinawo anapangidwa kuti azidzaza mabotolo 20 pa mphindi, kutanthauza 7,200 pa nthawi imeneyi, koma adzaza 6,480, imene ndi 90 peresenti. Mwa amenewa abwino ndi 6,156, imene ndi 95 peresenti. Kuchulukitsa zitatuzi kumapereka 68.4 peresenti.

Munthu wongodutsa angaone ngati tsikulo layenda bwino, pamene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya makina latayika. Phindu la chiwerengerochi ndi lakuti chimasonyeza pamene patayika zambiri. M'chitsanzochi vuto lalikulu ndi kuima kwa makina, osati ulesi wa antchito kapena kuipa kwa mabotolo. Mabuku ambiri amatenga 85 peresenti ngati mlingo wa fakitale yoyenda bwino kwambiri.

Ku Lilongwe

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo mapulani a mzindawu anapatula malo a ntchito zosiyanasiyana. Mafakitale akuluakulu ali ku Kanengo, kumpoto kwa mzinda m'mbali mwa msewu wa M1, kumenenso kuli njanji. Ku City Centre kuli maofesi a boma, mabanki ndi mabungwe monga Malawi Investment and Trade Centre. Ku Old Town, makamaka cha ku msewu wa Malangalanga ndi kuzungulira msika, kuli amisiri ang'onoang'ono: atelala, akalipentala, owotcherera zitsulo, ophika buledi ndi a zigayo. Chifukwa cha kamangidwe kameneka, nthawi zambiri munthu wosankha zochita sakhala pamene pali makina. Mwini fakitale wokhala ku Area 10 kapena ku Area 43 amene ali ndi MES yolumikizidwa ku intaneti angaone pafoni kuti makina aima usiku, osadikira lipoti la m'mawa.

Fodya ndi chitsanzo chachikulu cha kufunika kolondola katundu. Ku Kanengo kuli okushoni ya AHL ndi mafakitale a makampani monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Belo lililonse limafika ndi chikalata chokhala ndi nambala ya mlimi, kulemera kwake ndi giredi. Mufakitale mabelo ambirimbiri amasakanizidwa malinga ndi zofuna za wogula, amanyowetsedwa, makina amalekanitsa tsamba ndi mtsitsi wake, kenako fodyayo amaumitsidwanso n'kupakidwa m'makatoni olemera pafupifupi makilogalamu 200. Fodya akasakanizidwa, palibe diso limene lingazindikire munda umene anachokera. Chokhacho chimene chingalumikize katoni ndi mabelo amene analowamo ndi zolembedwa za mufakitale.

Kulemera kwa nkhaniyi kunaoneka pa 1 Novembala 2019, pamene nthambi ya boma la America ya Customs and Border Protection inalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana m'minda. Mu 2020 lamuloli linafewetsedwa kwa Alliance One ndi Limbe Leaf, ndipo mu 2021 kwa Premium Tobacco, makampaniwa atapereka umboni wa momwe amayang'anirira alimi awo. Umboni wotere umayambira kumunda, koma umaduka ngati fakitale singathe kunena kuti katoni iyi muli fodya wa alimi ati.

Mtedza wa ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe uli ndi vuto lofanana nalo. Chuku chimabweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo mayiko a European Union salola mtedza wodya mwachindunji wopitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu. Fakitale yodziwa kuti matumba oipa anachokera kwa wogulitsa uti imataya mtanda umodzi wokha. Yosadziwa imaluza katundu yense, nthawi zina ndi msika womwe. Nambala ya mtanda ndi tsiku lothera ntchito, zimene bungwe la Malawi Bureau of Standards limayang'ana pa zakudya zopakidwa, zimadaliranso zolembedwa zomwezi.

Amisiri a ku Old Town, ndi anthu opanga chiponde, yogati kapena juwisi kunyumba m'madera monga Area 3 ndi Area 47, kawirikawiri sasowa MES yeniyeni. Kope lolembedwa mokhulupirika kapena tebulo la Excel losonyeza oda, zipangizo, nthawi ndi zowonongeka limagwira ntchito yomweyo pamlingo wawo. Bizinesi imene sinazolowere kulemba papepala imavutikanso ikagula pulogalamu.

Zovuta

Vuto loyamba ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kukonza kunafika mpaka mu 2023. MES singaletse kuthima kwa magetsi, komanso imafuna mabatire kuti isataye zimene yalemba. Chimene imathandiza ndi kusonyeza maola enieni otayika, kuti mwini fakitale awerenge ngati kugula jenereta kapena sola kungabweze ndalama.

Lachiwiri ndi ndalama zakunja. Malaisensi ambiri amalipiridwa m'madola kapena mayuro, pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina akale opanda tizipangizo toyezera amafunanso ndalama zina kuti alumikizidwe.

Lachitatu ndi anthu. Pamafunika amene akudziwa makina ndi makompyuta pamodzi. Maphunziro okhudza zimenezi amapezeka ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ndi m'makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College. Palinso nkhani ya kukhulupirirana. Antchito akaona kuti pulogalamu yabwera kudzawatchera msampha, amalemba zifukwa zabodza za kuima kwa makina, ndipo ziwerengero zonse zimasokonekera. Popeza MES imasunga mayina ndi maola a antchito, imakhudzidwanso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, pamodzi ndi ulimi wamalonda ndi kukula kwa mizinda. Ogula akunja amene dziko likuwafuna amafunsa za chiyambi cha katundu asanakambe za mtengo, ndipo fakitale imayankha funso limeneli ndi zimene inalemba pa tsiku limene katunduyo anapangidwa.